Wamanzere Akukana Kufa

Lolemba

Ndaganiza. Wamanzere afa sabata ino. Lisanafike Loweruka akhale atauma gwa.

Ndinamupanga ndekha, ndimupha ndekha. Nthano zinayi tsopano, wapha anthu asanu ndi awiri, ndipo Dokotala Nyendwa, mayi woyeza mitembo wa m'nthano zanga uja, amamuphonya pang'onong'ono kumapeto kwa nthano iliyonse. Ndimajambula mawu pa foni nthawi ya chakudya chamasana, kuseri kwa labu ya kiliniki, n'kutumiza ku gulu lathu la pa foni. Poyamba tinalipo manesi asanu ndi aphunzitsi atatu. Kenako a Lungu, dalaivala wa minibasi ya Chipata ndi Mfuwe, anayamba kuziika pa sipika. Lero chigwa chonse chimamudziwa Wamanzere: wamtali, wosalankhulalankhula, amasiya kamfundo ka mlaza pa chala cha aliyense amene wamupha.

Kamfundoko ndi kamene kandiika m'madzi.

Chaka chatha, ndikudikira basi pa Jumbe, ndinakhala ola lathunthu kuonerera a Sakala, oluka madengu ndi mikeka pamsewu paja, akumanga mfundo ndi dzanja lamanzere. Ndinalemba zonse kuseri kwa chiphaso cha odwala, mmene mlaza umazungulirira, kumene nsonga imalowera. Ndinaziika m'nthano yoyamba momwe zilili. Ine sindilemba zongoganizira. Ndikati magazi amada pakatha maola akuti, ndiye kuti amadadi. Kuno kumene boma linandiponya, kopanda mbale ndi mmodzi yemwe, ulemu wanga ndi umenewo basi.

Chimene sindinaganize n'chakuti pamsewu wonsewu woluka wamanzere ndi mmodzi yekha.

Teni koloko walowa Tisa, mwana womaliza wa a Sakala, amene amagulitsa zitumbuwa pa geti. Alibe chiphaso, sakudwala. Wayima pakhomo. Akuti: "Sisita, Loweruka akubwera a kuchimuna kudzafunsira. Azakhali ake a Yona, mnyamata wofuna kundikwatirayo, amvera nthano zonse zinayi. Akuti mwana wawo sakwatira pakhomo pa chigawenga."

Sanalire. Bola akanalira.

Ndondomeko:
1. Mawa Wamanzere afe.
2. Lachitatu anthu alire kapena avine, zawo zimenezo.
3. Lachinayi ndipite kwa a Sakala ndi paketi ya shuga kukapepesa.
4. Loweruka Tisa afunsiridwe ngati mwana wa munthu.

Kupha munthu wa m'nthano kungavute chiyani?

Lachiwiri

Ndasankha ng'ona. N'zachangu, ndipo kuno palibe amene amatsutsana ndi ng'ona.

Wani koloko, kuseri kwa labu, dzuwa likuotcha ngati lili ndi chifukwa ndi ine. Dokotala Nyendwa akumuthamangitsa mpaka pagombe la Luangwa, iye akudumphira m'madzi, madzi akuwinduka, chipewa chokha chikuyandama. Ndalankhula mwapang'onopang'ono pa mawu omaliza, mpaka inenso tsitsi landiimirira. Ndatumiza. Ndadya mbatata yanga ndi mtima woyera.

Fili koloko foni ikungolira ngati nkhuku yoikira.

Zimene akunena:
– "Mtembo uli kuti?" (pafupifupi aliyense)
– "Okutobala uno Luangwa timawoloka titangokwinya buluku. Wamira pati?"
– Mphunzitsi wa sayansi: "Dokotala Nyendwa yemweyo ananena m'nthano yachiwiri kuti popanda mtembo palibe imfa." Mawu anga omwe. Ndinawanyadira kwambiri nthawi ija.
– A Lungu: "Sisita mwagwira ntchito. Basi yonse tagwirizana kuti wawolokera ku paki ya nyama."

Sindinanene za paki. Ndani wanena za paki?

Ndiye pobwera ku ntchito ndikumva kwa amayi a tomato. A Sakala anapita m'mawa kukadula mlaza kumtsinje, monga amachitira Lachiwiri lililonse kuyambira ine ndisanabadwe. Abwerako thu koloko, mtolo pa njinga, buluku litanyowa mpaka m'maondo. Adutsa pakati pa msika choncho, akupereka moni kwa aliyense. Amayi a tomato akundiuza monong'ona, maso ali kwina: "Wabwerako. Osakandika ndi pang'ono pomwe."

Chabwino. Akufuna mtembo, ndiwapatsa mtembo.

Lachitatu

Ndadzuka faivi koloko kulemba. Mtembo wapezeka m'nkhalango ya tsanya, wagona masiku atatu. Dokotala Nyendwa akuung'amba bwinobwino: mano, kutalika kwa fupa la ntchafu, zikang'a m'dzanja lamanzere. Palibe pothawira. Ndawerenganso buku langa la ku koleji kuti ndisaphonye za mphutsi. Ndatumiza eyiti koloko ndisanavale magolovesi.

Leveni koloko afika a Njobvu. Anagwira ntchito yolondera nyama ku paki zaka zambirimbiri, ndi msuweni wa a Sakala, ndipo Loweruka ndiwo ankhoswe a kuchikazi. Akuti ndiwayeze malungo. Alibe malungo. Ndawabaya chala, iwo akhala pa sitolo n'kuyamba.

"Mwana wanga, masiku atatu m'tsanya, mwezi uno, n'kupeza dzanja? Miimba imatera dzuwa lisanapendeke. Zotsalazo afisi sasiya ngakhale lamba."

Ndayesa kunena kuti panali pamthunzi.

"Tsanya ali ndi mthunzi Okutobala?"

Chimene chikundiwawa n'chakuti akunena zoona. Ndipo sananene kwa ine ndekha, anali atanena kale pa benchi ya odwala, ndipo benchi ya odwala ndi wailesi ya boma lino. Pofika masana mlandu watha kuweruzidwa: mtembo ukadali ndi dzanja ndiye kuti waikidwa kumene, ndipo wouika ndi Wamanzere, wapha wina n'kumuveka malaya ake.

Asanu ndi atatu tsopano. Ndimafuna kuchotsa chigawenga, ndawonjezera maliro.

Amayi a kwaya nawonso ali ndi nkhani yawo pa gulu. Za dzanja alibe nazo ntchito. Akufunsa kuti adokotala ang'amba bwanji munthu achibale asanabwere? Amalume ake avomera liti? Adzukulu auzidwa? Mayi wina akuti ngati palibe amene analira, ndiye kuti palibe amene wafa, chifukwa ngakhale mfiti imakhala ndi mlongo wake.

Zaka zitatu ku koleji, palibe mphunzitsi ananenapo za amalume a mtembo.

Tisa ali pa geti monga mwa masiku onse. Ndagula zitumbuwa zisanu zimene sindikuzifuna. Wandipatsa osandiyang'ana, ndipo beseni lake likadali lodzaza foo koloko.

Sindigonja. Masiku akadalipo awiri.

Lachinayi

Ndapempha kuchoka msanga. Shuga m'chikwama, njinga ya mlonda, ulendo wa pa Jumbe.

A Sakala ali pansi pa mtengo wawo, miyendo atatambasula, akuluka. Mikeka yaunjikana mpaka m'chiuno. Akazi awo andiyankha moni akuyang'ana mbuzi. Ndagwada, ndapereka shuga, ndayamba mawu amene ndinawakonza njira yonse, koma atuluka osalongosoka, ngati mwana wogwidwa ndi mango m'malaya.

Iwo akungoluka. Akuti: "Azungu opita ku eyapoti amagulabe. Samva Chinyanja."

Akutinso: "Ku tchalitchi benchi yonse ndi yanga tsopano. Ndimakhala motakasuka."

Ndaseka, chifukwa amafuna ndiseke. Kenako aika dengu pansi. "Za ine musade nkhawa, sisita. Koma Tisa ndi womaliza. Ndimafuna ndimuone akupita bwino."

Manyazi amene ndachita sindinawachitepo. Munthu uyu sanandilakwire kanthu. Ndinamuonerera ola lathunthu, ndinatenga luso la manja ake n'kulipereka kwa chigawenga, ndipo tsikulo sindinagule ngakhale kadengu ka anyezi.

Pobwerera, pa mlatho, nzeru yabwera. Ngati sakufa, asinthe dzanja! Ndayimika njinga pomwepo, ndajambula. Dokotala Nyendwa akuyang'ananso zithunzi za mabala onse, akuona kuti nkhonya zonse zinachokera kumanja. Chigawengacho ndi munthu wa dzanja lamanja ngati ife tonse. Amadya ndi lamanja, amapereka moni ndi lamanja. Lamanzere amangomangira mfundo kuti asokoneze apolisi.

Basi. Tsopano aliyense m'chigwa muno ndi woganiziridwa, kuyambira abusa mpaka a Lungu. A Sakala apuma.

Ndafika kunyumba ndikuimba. Nzeru ndili nazo ine, anthu asamanditenge mopepuka.

Lachisanu

Kalanga ine.

A Sakala amadya ndi dzanja lamanja. Amapereka moni ndi lamanja. Wamanzere wanji kuno amene amadya ndi lamanzere? Onse anamenyedwa ndi mthiko ali ana mpaka anasintha. Ndikudziwa zimenezi. Mchimwene wanga weniweni ku Katete ali ndi chipsera pa chala chifukwa cha zomwezi. Ndinaiwala bwanji?

Pa gulu: "Kudya ndi lamanja, kumanga ndi lamanzere. Ndendende." Wina akuti anawaona pa maliro a mwezi watha akutapa ndiwo ndi lamanja, ndipo anadabwa kuyambira tsiku lomwelo. Sanadabwe kanthu, wabodza, aliyense pamaliropo amadya ndi lamanja.

Ndagwira njakata, koma njira imodzi yatsala. Kunena zoona.

Twelofu koloko ndajambula ndi mawu anga enieni, opanda a Dokotala Nyendwa. Ndati: abale anga, zonsezi n'zopeka. Palibe Wamanzere, palibe amene anaphedwa, ndimazilemba ndekha m'kope la masamu. A Sakala ndi munthu wabwino, woopa Mulungu.

Kulakwa koyamba: kutchula dzina lawo. Mpaka lero palibe nthano imene inawatchula.

Kulakwa kwachiwiri: ndinali nditangothamanga kuchokera ku wodi ya amayi, ndiye ndimapuma mwabefu.

Mayankho:
– "Mwamva mmene mawu akunjenjemerera?"
– "Dzulo anapita komweko ndi shuga. Munthu amapereka shuga kwa munthu amene samuopa?"
– "Amuopseza mwana wa eni."

Sisita wamkulu wandiitana mu ofesi, watseka chitseko, akuti ndikagone kwawo mpaka zinthu zizizire. Gogo wina ndikumubaya chala wandigwira mkono: "Tikumvetsa, sisita. Inu mumaona magazi a aliyense. Simunganene poyera." Ndiye vuto ndi limeneli. Ndikanakhala wogulitsa kapenta bwenzi atati ndi nthano. Koma ndimavala gauni yoyera, ndiye akuti ndikuulula za m'mafayilo.

Ndaimbira a Lungu kuti aleke kuika pa sipika. Akuti: "Ngakhale ndileke, sisita, aliyense ali nazo pa foni yake. Ndipo musamuphe munthu uja. Anthu amasiya basi ina yopanda kanthu kudikira yanga."

Tisa lero sanabwere pa geti. Pamalo pake pali mwala umene amakhalira basi.

Mawa ndipita. Ndikalankhula ndi azakhaliwo maso ndi maso. A Njobvu, amene abweranso kudzayezetsa malungo amene alibe, akuti pa nkhani ya ukwati amalankhula ndi ankhoswe okha, nanga ine ndine ndani wa ndani? Sindine wa aliyense. Ndipitabe, ngakhale kukatsuka mbale.

Loweruka

Seveni koloko. Chitenje, duku, nsapato zafulati. Ndikutsukadi mbale kuseri kwa nyumba ya a Sakala. Amayi ake a Tisa andipatsa mphika waukulu kwambiri, wamwaye. Ndaulandira.

Teni koloko afika a kuchimuna. Yona mwiniwake kulibe, monga mwa mwambo. Ankhoswe awo awiri, ndi azakhali aja, Mayi Mbewe a ku Mambwe boma: afupi, chikwama chachikulu, nkhope ya munthu amene sanagonjepo pa mkangano. Akuti nawonso ndi oluka mikeka.

Amuna akhala pa mipando, amayi pa mkeka. Ankhoswe asanatsokomole n'komwe kuti ayambe, Mayi Mbewe akweza dzanja. "Tisanalowe m'nkhani, aitaneni mtsikana wa ku labu. Ndamuona kuseriko."

Ndabwera manja ali mwaye okhaokha. Ndagwada.

Atulutsa foni ndi kachingwe ka mlaza m'chikwama. Aika nthano yoyamba, pamene Dokotala Nyendwa akufotokozera wapolisi za mfundo. Mawu anga akumveka bwalo lonse: zunguliza kawiri chakumanzere, nsonga ipite pansi, ikoke ndi chala chachikulu. Iwo akutsatira pa chala cha nkhoswe wawo. Kawiri chakumanzere, nsonga pansi, kukoka.

Yamasuka.

Abwezanso. Yamasuka. Kachitatu, akukoka mpaka nkhoswe watsinzina. Mlaza wagwa pansi uli wowongoka.

Mayi Mbewe akumanga ndi dzanja lamanja. Ndi lamanja siingagwire, chala chachikulu chimakhala mbali yolakwika. Ndikuona, ndikudziwa, mawu afika kale pakhosi: mayi, sinthani dzanja.

"Ndaluka zaka makumi anayi," akutero. "Sabata yonse ndayesa chinthu ichi. Mfundo yotere kulibe. Siingamange ngakhale thumba la mchere, ndiye ikhale pa chala cha mtembo masiku atatu?" Atembenukira kwa ine. "Iwe, unaionapo mfundo imeneyi ndi maso ako?"

Ndayang'ana a Sakala. Dzanja lawo lamanzere lili pansi pa chipewa, pa bondo, ndipo akuyang'ana nkhuku. Ndayang'ana a Njobvu, munthu amene sangaone cholakwika osachikonza. Atsegula pakamwa. Ayang'ana manja a Mayi Mbewe. Kenako atulutsa kabotolo ka fodya wa m'mphuno, anusa, ayetsemula kwa nthawi yaitali kuposa mmene fodyayo amafunira.

Tisa ali pakhomo la khitchini, wagwira mbale.

Ndati: "Iyayi, mayi. Ndinangopeka. Za mlaza sindidziwa kanthu."

"Nanga zinazo? Magazi, mano, mphutsi?"

Apa ndiye pamene panawawa. Mphutsi zija ndinaziwerengera masiku ndi buku.

"Zonse, mayi. Ndimangolankhula."

Aseka. Bwalo lonse laseka, ngakhale amayi ake a Tisa kuseri kwa dzanja. Mayi Mbewe akuti: "Ndiye tinatsala pang'ono kukana mwana wabwino chifukwa cha mtsikana wosadziwa kumanga mtolo wa nkhuni. Bwerera ku mbale zako." Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndabwerera ku mphika wanga.

Wani koloko nthungululu. Ndazimva ndili chogwada pa mchenga, ndikukwecha. Ndalira pang'ono, sindikudziwa kuti chifukwa cha Tisa kapena chifukwa cha mphutsi zanga.

Lamulungu

Ukwati ndi wa pambuyo pa zokolola. Ku tchalitchi benchi ya a Sakala inali yodzaza mpaka akhala chopanikizika, ndipo amene anawaona akudya ndi lamanja uja ndiye anawagwirira buku la nyimbo.

Zotsatira za sabata:
1. Wamanzere sanafe. Ng'ona yalephera, afisi alephera, ine ndalephera.
2. Dzina langa latsopano ndi Sisita Thumba la Mchere. Lafika kale ku Mfuwe.
3. Mphunzitsi wa sayansi walemba pa gulu kuti iye ankakayikira kuyambira kale.
4. A Lungu akuti basi ikudzazabe, kungoti tsopano anthu amaseka pamene kale ankakhala chete. Akufunsa kuti nthano yotsatira ituluka liti, "ikhale yoseketsa ngati zinazi."
5. Bambo wina wandiimitsa panjira kufunsa ngati malungo amene ndinawapeza mwa mwana wake ndi enieni kapena ndinangopeka. Ndawayankha mwaulemu. Mulungu yekha akudziwa kuti ulemuwo ndautenga kuti.

Kope la masamu ndaliika pansi pa sutikesi. Dokotala Nyendwa apume, atopa.

Pobwera ku tchalitchi ndapeza kadengu pakhomo panga. Kakang'ono, ka anyezi, katsopano, mlaza ukadali wobiriwira. Palibe kalata. Pa chogwirira pali mfundo: kawiri chakumanzere, nsonga pansi.

Ndalowa nako m'nyumba, ndatseka chitseko. Ndakoka ndi zala, ndakoka ndi mano, ndapachikapo ndowa yodzaza madzi. Siikumasuka.

Ndinalemba zolondola. Tikudziwa anthu atatu, ine, a Sakala ndi a Njobvu, ndipo tonse tidzafa nazo. Kadenguko ndakaika m'kati mwa kabati, kuseri kwa mapoto, chogwirira chitayang'ana kukhoma.